Buledi Amene Anagwera mu Mphika wa Gogo Ruti

1988, Torwood

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndili ndi zaka makumi awiri, mu ofesi ya fakitale ya zitsulo ku Redcliff. Ndinali nditamaliza Fomu 4 ndi kosi ya kutayipa ku Kwekwe. Tinkakhala ku Torwood, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene agogo anu aamuna anapatsidwa atabwera kuchokera ku Dedza, ndipo m'mawa uliwonse ndinkayenda nawo limodzi mpaka pageti, iwo atanyamula chisoti chawo, ine kachikwama kokhala ndi dayale. Dayale ndinayamba kulemba ndili Fomu 2 ndipo sindinasiye mpaka lero. Zambiri za m'mutu uno ndazitenga m'menemo, choncho inu ana anga, Tadala ndi Farai, musanene kuti mayi anu akalamba, ayamba kupeka. Patsiku loyamba la ntchito ndinalemba kuti: "Lero ndakhala munthu wa pa desiki. Sindidzachedwa, sindidzanama, ndipo tsiku lina ndidzakwera ndege." Ndege sindinakwerebe.

Otiyang'anira anali Misisi Dube, mayi wamfupi wa magalasi aakulu, amene ankayenda kumbuyo kwathu mosamveka ngati mphaka. Madzulo aliwonse ankatisonkhanitsa kuti ting'ambe mapepala a kaboni amene tagwiritsa ntchito, poopa kuti wina angawayang'anitse padzuwa n'kuwerenga za eni. Ankati, "Ntombazana, mtsikana iwe, zimene zala zako zatayipa, pakamwa pako sipakuzidziwa. Ngakhale mayi ako akufunse." Ine ndinali mwana womvera. Ndinalemba mawuwa kuseri kwa chikuto cha dayale, ndi inki yofiira.

1996, Zvishavane

Ndinakumana ndi bambo anu, a Lameki Phiri, mu kwaya ya kutchalitchi. Ankaimba besi, ndipo ankachedwa kulowa ndime iliyonse. Tinakwatirana mu 1995, ndipo chaka chotsatira anapeza ntchito kumgodi ku Zvishavane, yoyendetsa makina otsitsa anthu pansi ndi kuwakweza. Ine ndinalembedwa mu ofesi yoona za antchito. Tinapatsidwa nyumba ku Makwasha, ya mtengo wa mango kumaso, masamba ake otuwa ndi fumbi. Milu ya zotayidwa za mumgodi inkaoneka pazenera la kukhitchini, yoyera mbee. Dzuwa likapendeka inkasanduka yofiirira, ndipo ine ndikamatsuka mbale ndinkadziuza kuti ndi mapiri a chipale a kumaiko ozizira amene tinkaphunzira mu jogalafe. Inu nonse awiri munabadwira m'nyumba imeneyo.

Bwana wanga anali a Sibanda, munthu wamtali, wosalankhula zambiri, amene ankasunga maswiti a timbewu m'thumba la jekete ndipo ankapatsa munthu limodzi akafuna kumuuza nkhani yoipa. Zaka zitatu zoyamba sanandiitanepo ndi dzina. Chaka chachinayi anandipatsa kiyi wa kabati ya mafailo n'kunena m'Chishona kuti, "Mai Phiri, chengetai," ndiye kuti sungani. Ndinamumangirira kiyiyo pa chingwe cha nsapato n'kumamuvala m'khosi, mkati mwa bulauzi. Atsikana a mu ofesi ankandiseka kuti ndavala kolona, koma ine ndinkamunyadira kuposa mphete.

2007

Za chaka chimenechi munamva zambiri, koma munali aang'ono. Tadala unali ndi zaka zisanu ndi zitatu, Farai zisanu. M'masitolo munali mashelefu okhaokha, opukutidwa bwino. Magetsi ankabwera ngati mlendo wosatsanzika, choncho kompyuta ya mu ofesi tinaifunda nsalu n'kutulutsa taipi yakale imene inali m'sitolo. Riboni ikauma tinkaipaka inki ya chidindo. Pepala tinkatayipa mbali zonse ziwiri, ndipo maenvulopu tinkawatembenuza. Anzanga ankachoka mmodzimmodzi, wina ku Joni, wina ku Botswana, Lachisanu tatsanzikana bwinobwino, Lolemba mpando uli chabe. Koma dayale yanga ya chaka chimenecho ndi yodzala ndi mawu akuti "zikhala bwino". Sindikudziwa kuti ndinkawatenga kuti.

M'mwezi wa June bambo anu anaitanidwa kukakonza pampu ya madzi pa malo ena ogona alendo m'mapiri a ku Shurugwi. Mwini wake anali mayi wachikulire wa ku Switzerland, amene amuna ake anagwirapo ntchito m'migodi n'kumwalira konko. Anthu ankangomutchula kuti Gogo Ruti. Madzi atatuluka, gogoyo anawagwira mkono bambo anu n'kuwauza kuti pa holide ya August abwere ndi banja lonse, adzagone masiku awiri, adzadye chakudya cha kwawo chotchedwa fondyu. Anali ndi ng'ombe zake zitatu ndipo tchizi ankapanga yekha. Chimodzi chokha anapempha: tibwere ndi buledi wathu. Chikwatirane tinali tisanapiteko kulikonse kokangocheza. Maulendo athu onse anali a maliro ndi maukwati. Inu munawerenga masiku pakhoma ndi khala. Ine ndinasunga ufa wa tirigu wokwana mbale ziwiri, ndipo Lachitatu la sabata ya ulendo ndinaphika buledi mumpoto, makala pansi ndi pamwamba.

Lachinayi masana a Sibanda anandiitana, anatseka chitseko, n'kundipatsa switi. Kenako anandipatsa pepala lolembedwa pamanja, mayina a anthu amene ntchito yawo yatha. Makalata awo anayenera kutayipidwa tsiku lomwelo, kutsekeredwa m'kabati, n'kuperekedwa Lolemba m'mawa. Chapakati pa pepalalo panali L. Phiri. A Phiri kumgodi kuja analipo ambiri, a Lameki enieniwo analipo awiri, ndiye ndinayang'ana nambala ya ntchito. Ndinaiyang'ana katatu. Inali nambala imene ndinkaiona pa ovolosi ya bambo anu tsiku lililonse lochapa.

"Ndinafuna kupatsa wina," anatero a Sibanda akuyang'ana pazenera, "koma wina wake ndani? Mai Phiri, nkhaniyi ikatuluka lisanafike Lolemba, anthu adzatseka geti, ndipo akuluakulu sadzavutika kufunafuna pamene yatulukira. Nyumba ya ku Makwasha mukhalabe nayo malinga inu muli pa ntchito. Mwandimva?"

Ndinati ndamva. Ndinatayipa makalata onse, ya bambo anu pomalizira. Switi lija ndinalipeza madzulo lili m'thumba, litasungunuka.

August 2007, Shurugwi

Tinanyamuka Lachisanu. Kombi, minibasi yopita ku Gweru, tinaidikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili pamutu, chifukwa dalaivala anali kokasaka mafuta. Inatitsitsa pamphambano ina m'mapiri, ndipo tinakwera mtunda wapansi. Kunali kamvula kaja kowaza ndi nkhungu, kamene kuno amati guti, agogo anu ankati chiperoni. Mitengo inkatuluka mu nkhungu umodziumodzi n'kubwereramo. Penapake kutsogolo belu la ng'ombe linkalira, ng'ombeyo osaoneka. Farai unali pa phewa la bambo ako, ndipo unkatsegula kukamwa kuti udye mtambo. Bambo anu anali osangalala ngati mnyamata. Ankaimba, ankakuuzani mayina a mitengo, ena ongopeka. Ndipo mawu aliwonse ankathera pa Lolemba. Lolemba akawauza anzawo a pa shifiti. Lolemba akapempha magolovesi atsopano. Ine ndinkayenda kumbuyo ndi buledi m'chitenje, kiyi akundimenya pachifuwa.

Fondyu tinadya Loweruka masana. Chipinda chodyera chinali cha matabwa, matebulo asanu ndi limodzi, asanu opanda munthu. Pazenera panali poyera ngati pakhomedwa nsalu. Ndinachita manyazi kutulutsa buledi wanga, chifukwa anali atagona masiku atatu ndipo anauma gwa. Ndinayamba kupepesa. Gogo Ruti anamugogoda ndi chala, anamvetsera, n'kuwomba m'manja. "Zvakanaka, zili bwino! Wofewa amathawa pa foloko. Uyu ndiye weniweni." Chishona chake chinali chopindikapindika, koma chomveka. Anamudula timagawo ting'onoting'ono, anabweretsa kambaula ka makala n'kuika pakati pa tebulo, poti mafuta a kanyali kake anali atatha kalekale. Pamwamba anakhazika mphika wadothi wofiira, mkati muli tchizi wosungunuka, akupuma pang'onopang'ono ngati mwana wagona. Aliyense anamupatsa foloko yaitali ngati singano yolukira juzi, n'kubwerera m'mbuyo, manja pamimba.

Tinadikira mbale. Mbale sizinabwere.

"Mai Tadala," anatero bambo anu chapansipansi, "kodi kuno mlendo amadziphikira yekha? Kapena pampu ija yafanso, akutilanga?"

"Baba Tadala, musandiseketse, akutiona."

"Mhamha, usavi uri kupi?" unafunsa iwe Farai kuti ndiwo zili kuti, ukuyang'ana pansi pa tebulo ngati zabisidwa kumeneko. Unali utasamba kale m'manja mwaulemu wonse, ndipo unatambasula dzanja kuti upise mumphika monga unaphunzirira kunyumba. Tadala anakugwira mkono chala chisanafike. Gogo Ruti anaseka mpaka kupukuta misozi ndi epuloni, kenako anationetsa. Kubaya buledi, kumiza, kuzunguliza kawiri, kukweza. Tchizi ankatsatira foloko ngati ulusi, osafuna kuduka, ndipo inu munkaimirira pampando kuti muone ulusi wa ndani utalika kuposa wa mnzake. Kakomedwe kake sindingathe kukalongosola. Mchere pang'ono, kuwawasa pang'ono ngati chambiko, ndi kafungo ka utsi. Patapita miyezi yambiri tikudya mongodzaza mimba, chinali chakudya choyamba chimene chinatichedwetsa.

Kenako gogoyo anatiuza lamulo. Kwawo, anati, amene buledi wake wagwera mumphika amalipira mlandu. Akuluakulu ali ndi milandu yawo, koma m'nyumba mwake mlandu ndi umodzi: unene chinthu chimene palibe wina patebulo akuchidziwa.

Woyamba kugwetsa unali iwe Farai. Unaganiza nthawi yaitali, n'kuulula kuti shuga wa alendo amene ndinabisa m'chitini cha mabatani sanadyedwe ndi nyerere. Bambo ako anakufunsa kuti nyererezo zinali ndi miyendo ingati, iwe n'kuyankha kuti iwiri. Tadala unagwetsa dala, ndinakuona, chifukwa unali ndi nkhani yokuyabwa. Unati popemphera sutsinzina, ndipo umadziwa kuti nawonso abusa satsinzina. Tinaseka. Makala ankathetheka, kunja belu lija linkalirabe, nkhope zanu zinali zofiira ndi kutentha. Ndinaiwala kwa kanthawi. Ndikukhulupirira kuti kuiwalako ndi kumene kunafewetsa dzanja langa, chifukwa nditakweza foloko panalibe kanthu.

"Mhamha vadonhedza! Mhamha vadonhedza!" Munakuwa kuti amayi agwetsa, mukumenya tebulo ndi mafoloko.

Ndikanatha kunena chilichonse. Ndikanati ndili mwana ndinaba chofufutira. Koma bambo anu anatsamira chigongono patebulo, akumwetulira, nati, "Eya, tiyeni timve. Mkazi wanga uyu alibe chinsinsi, ndikamufotokozera anzanga Lolemba kuti ngakhale azungu alephera kumupeza nacho." Ndinawayang'ana, ndipo ndinawaona ataima pamzere Lolemba lija, akuseka ndi anzawo, akufotokoza za foloko yaitali, kenako akulandira envulopu kuchokera m'dzanja langa lomweli. Ndinaona kuti ntchito angathe kuitaya n'kukhalabe munthu, koma zoti mkazi wawo anadya nawo mumphika umodzi akudziwa, n'kuwasiya akuimba, zimenezo sizikanachoka. Ndinaganizanso za nyumba, za mtengo wa mango, za inu awiri mukugona kwa achibale. Zonsezi zinadutsa m'kanthawi kamene buledi wanga ankamira.

Inu munakulira m'Chishona. Chichewa munkamva cha "bwera kuno" ndi "wadya kodi". Choncho ndinalankhula Chichewa chenicheni cha agogo anu, chimene ine ndi bambo anu tinkalankhula pokhapokha pa maliro. Mwakhala mukundifunsa zaka zonsezi kuti ndinati chiyani. Ndinati: "Bambo a kunyumba, mkuja m'mawa akakupatsani kalata. Ntchito yanu yatha. Kalatayo ndatayipa ndine. Mukauza munthu, nafenso tituluka m'nyumba."

Bambo anu sanasiye kuzunguliza foloko. Anazunguliza kawiri, katatu, kanayi. Anakweza, anauzira, anatafuna mpaka kumeza.

"Mwadziwa liti?"

"Dzana."

"Ndiye masiku awiri onsewa mwausenza nokha, ine ndikungoimba m'njira?"

Ndinabaya kagawo kena ka buledi.

"Hatina kunzwa!" unakuwa iwe Tadala, kudandaula kuti simunamve. "Hazviite, sizitheka! Anene m'chinenero cha anthu onse!"

Bambo anu anapukuta pakamwa, anakuyang'anani ndi nkhope ya mdikoni, n'kunena m'Chishona kuti, "Amayi anu akuti amaopa achule. Akuti akaona chule amakwera pabedi." Munaseka mpaka Farai kutsamwa. Kuyambira tsiku limenelo munandiikira achule m'nsapato, m'ndowa, ngakhale m'chikwama cha kutchalitchi, ndipo ine ndinkakuwa monga mmene zinafunikira. Achule sindinawaopepo.

Tchizi atatha, Gogo Ruti anatenga mpeni n'kupala zotsalira zopserera za pansi pa mphika. Zinatuluka zathunthu, zozungulira, zofiirira. Anaziika pa kambale n'kupereka kwa bambo anu ndi manja awiri, nati kumeneko ndiye kokoma kwenikweni, kwawo amapatsa mlendo wolemekezeka. Bambo anu anayang'ana kambaleko, anandiyang'ana ine. "Nkhoko," anatero. "Munthu wamkulu, wa ndevu, andipatsa nkhoko. Zayamba kale." Ndipo anaseka, kuseka kwenikweni, kogwedeza mapewa, mpaka nane ndinaseka misozi ikutsika, gogoyo akugwedeza mutu mokondwa kuti mphatso yake yalandiridwa. Bambo anu anazigawa panayi.

Chakumadzulo nkhungu inang'ambika pang'ono. Inu munapita kukaona ng'ombe, ife tinakhala pamwala. Pansi pathu mapiri ankayandama ngati sanamangiriridwe ku dziko. Bambo anu anafunsa kuti, "Nanga a Banda?" A Banda anali mnzawo wa pa shifiti, amene anawaimira pa ukwati wathu. Ndinati, "Ndakuuzani za inu nokha. Za ena musandifunse." Anathothola udzu. Kenako anati, "Chabwino. Pakamwa panga ndatseka." M'dayale tsiku limenelo ndinalemba mzere umodzi wokha: "Ndaphwanya lamulo, ndipo ndapuma."

Lolemba

Anatseka pakamwa ndithu. Sanauze munthu, ngakhale a Banda, amene anali patsogolo pawo pamzere. Makalata ankaperekedwa pazenera la ofesi yathu. Ine ndinkaitana dzina ndi kupereka, a Sibanda ataima kumbuyo kwanga. Aliyense akalandira ankang'amba envulopu pomwepo. Ena ankatukwana, ena ankafunsa ngati pali kulakwitsa, mkulu wina anangokhala pansi pafumbi. Nditaitana Lameki Phiri, bambo anu anabwera atavala malaya a kutchalitchi. Analandira ndi manja awiri, anati, "Zikomo, mayi," anaika envulopu m'thumba la pachifuwa, n'kuchoka. Anachita zonse mmene anaganizira kuti munthu wolimba mtima amachitira. Kunama sankakudziwa, ndipo sanaganize kuti munthu wosadziwa kanthu amatsegula kalata.

Mzere utatha a Sibanda anatseka zenera. Switi sanatulutse.

"Amuna anu sanatsegule."

"Inde, bwana."

"Ndipo munthu wobwera ku shifiti savala malaya oyera."

Ndikanatha kunena kuti ndi khalidwe lawo. Ndinati, "Ndinawauza Loweruka. Iwo okha. Sanauze wina."

"Ndaona kuti sanauze wina. Geti lili lotsegula." Anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi nthawi yaitali. "Akuluakulu sindiwauza. Nyumba khalani nayo. Koma mawa mukakhale ku mafoni, mtsikana wa kumeneko abwere kuno." Anatambasula dzanja. Ndinavula chingwe m'khosi. Chinakola tsitsi, ndipo anadikira moleza mpaka nditachimasula.

Ku mafoni ndi kumene ndinakhala mpaka kupuma, ndikulumikiza anthu kuti alankhulane nkhani zimene sindinkaloledwanso kuzidziwa. A Sibanda ankandipatsa moni mwaulemu tsiku lililonse, koma mu ofesi yamkati sindinalowemonso. Zinandipweteka zaka zambiri, sindikubisirani. Bambo anu anayamba kuyenda m'mapulazi ndi m'masukulu kukonza mapampu, ndipo nthawi zina ankabwera ndi nkhuku, nthawi zina ndi thumba la mbatata, nthawi zina ndi matuza okha. Inu simunagonepo kwa achibale.

Koma tsiku lija, nthawi ya nkhomaliro, ndinatuluka pageti ndipo ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa jakaranda, chisoti chili pabondo. Anandiyang'ana pakhosi, pamene panalibenso chingwe cha kiyi. Sanafunse. Anasendera kuti ndikhale, n'kutulutsa envulopu ija, idakali yomata.

"Nditsegule?"

"Tsegulani. Ndi yanu."

Anaitsegula bwinobwino ndi chala, osang'amba, poti ankadziwa mmene maenvulopu ankasowera. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, kuyambira pa deti mpaka pansi pamene panali zilembo ziwiri za dzina langa. Kenako anaipinda monga inalili.

"Mai Tadala," anatero, "zaka khumi ndi ziwiri tili pa banja, ndipo iyi ndi kalata yoyamba imene mwandilembera. Ndiisunga."